Msoko wa Mayi Kawiri

Mayi Kawiri anadziwa kuti zinthu zavuta Loweruka m'mawa, akusesa m'shedi yawo yosokeramo mipando ya magalimoto. Wamawaya, wokonza magetsi a magalimoto amene shedi yake inagundana ndi yawo, analowa kudzabwereka sipanala monga mwa masiku onse. Koma m'malo motenga sipanalayo anawerama n'kutola kansalu pa zinyalala. Kanali kakuda, kochepa ngati chikhadabo, kolembedwa timalemba toyera. Anatola kena, n'kutolanso kena, mpaka tinayi. Kenako anawayang'ana mayiwo ndi nkhope imene iwo sanaizolowere, chifukwa Wamawaya ndi munthu woti amaseka ngakhale akumukalipira.

"Mayi, timeneti mwadula pati?"

Anamuuza kuti pa mipando ya galimoto yatsopano ya mlongo wawo. Tinali totuluka m'mbali mwa mipandoyo, ndipo tikanatukumula chikopa chimene iwo anavekapo. Wamawaya anafunsanso kuti msoko wa m'mbaliwo anasokera ulusi uti. Mayi Kawiri anaseka. Kodi iye anamvapo kuti m'shedi muno muli ulusi wamitundu iwiri? Wa nayiloni wokhuthala womwe uja, kupita ndi kubwerera, monga mwa nthawi zonse. Wamawaya anangoti khwe, kukhala pa mulu wa siponji, manja ali kumutu.

Kuti mumvetse chimene chinamukhazika pansi, muyenera kuwadziwa kaye mayiwa.

Makolo awo anamwalira motsatizana iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kuwasiyira makina osokera opukusa ndi dzanja ndi mlongo wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, Mzime. Kabudula woyamba wa sukulu wa Mzime anasoka ndi iwowo, usiku ayi, masana dzuwa likuswa mtengo, mothamanga chifukwa sukulu inali itatsegula kale. Tsiku lachitatu mwanayo anawerama pamzere kuti atole pensulo, kabudula uja n'kung'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi, sukulu yonse ikuona. Anzake anamutcha Zenera. Anakana sukulu masabata awiri, akubisala kuseri kwa chitseko, ndipo mchemwali wake analumbira kuti chimene chadutsa pansi pa singano yawo sichidzang'ambikanso. Kuyambira pamenepo akafika kumapeto kwa msoko amatembenuza nsalu n'kubwerera momwemo, singano ikulowa m'mabowo omwe aja. Dzina lija linachokera pamenepo.

Anachoka pa makabudula, n'kugula makina opondera, n'kuyamba mipando ya minibasi, ndipo zaka makumi atatu ndi chimodzi zinawathera pa ntchito imeneyo. Madalaivala amati minibasi imafa, mpando wa Mayi Kawiri umatsala. Sikunali kukokomeza: kuseri kwa magalaja mukanapeza zigoba za minibasi zopanda injini, nkhuku zikuikiramo, koma mipando ili gwa ngati yasokedwa dzulo. Munthu akabwera n'kunena kuti achite changu, asoke kamodzi bola zigwire, amamubwezera siponji yake n'kumulozera njira. Mwamuna analipo pachiyambi, koma iwo eni amati pa zonse zimene anagwirapo m'moyo mwawo, ndi yekhayo amene anathothoka.

Mzime anaphunzira ndi ndalama za singano yomweyo, mpaka anakhala munthu wa tayi, wogwira ntchito m'nyumba zija amakwera ndi chikepe. Chaka chimenecho ndiye anagula galimoto imene ankailota kuyambira ali mnyamata. Abale inu, galimoto yake! Yaitali yochita kukwera ndi sitepe, yakuda bii, chitseko chotseka mwakachetechete ngati cha firiji, mipando yoyera mbee yoti ukadina batani imakuotha msana. Ndipo Mzime sanakhutire nayo mmene inabwerera. Anaiikira chitsulo chonyezimira kutsogolo, masitepe a m'mbali, malimu ena a matayala, magalasi akuda, magetsi a padenga, ndi kanema kakang'ono kumbuyo kwa mpando kuti mwana wake wamkazi azionera pa ulendo. Za magetsizo anagwira ndi Wamawaya, kenako Wamawayayo anachokapo masabata awiri athunthu kukagula katundu.

Inatsala mipando. Mipando yoyera ndi mwana wa zaka zinayi sizigwirizana, ndiye panafunika kuiveka chikopa china pamwamba. Mkazi wa Mzime ankafuna apite nayo ku sitolo yaikulu ya zitseko zagalasi, kumene amaitanitsa zovekera zopangidwira galimoto yomweyo. Mzime anakana, anati mipando ndi ya achemwali, palibenso zokambirana. Mkaziyo, mlamu wa Mayi Kawiri, anaima pakhomo pa shedi, osalowa, n'kunena moti aliyense amve kuti galimoto imeneyi si minibasi. Mawu amenewo anawalasa Mayi Kawiri pamtima, ndipo anasoka masiku asanu ndi anayi ali nawo m'makutu. Chikopa chofiirira, chosokedwa mizere yopingasana, chokokedwa mpaka kusowa khwinya ndi limodzi lomwe. Anachita kumasula mipando yonse ndi sipanala n'kumangira chikopacho kunsi ndi timawaya, moti kuti uchivule pamafunika tsiku lathunthu. Lachisanu masana Mzime anadzatenga galimoto yake. Mlamu uja anasisita mpando ndi dzanja, kufunafuna pogwira, osapapeza. Mayi Kawiri anapita kunyumba tsiku limenelo mapazi osagunda pansi.

Tsopano Wamawaya, ali pa siponji paja, anawafotokozera. M'mbali mwa mpando uliwonse wa galimoto zoterezi muli thumba la mpweya lopindidwa, lija amakanika amati eyabagi. Galimoto ikagundidwa cham'mbali, thumbalo limafufuma msanga kuposa kuphethira n'kutulukira pa msoko, kuti nthiti ndi mutu wa munthu zisamenye chitseko. Msoko wa pamenepo ku fakitale amausoka wofooka dala, ndipo wovekera pamwamba ayeneranso kusoka wofooka. Tinsalu tija tinali chizindikiro chake.

"Wofooka dala?" anatero Mayi Kawiri. "Imeneyo ndi ntchito ya munthu?"

Wamawaya anati ndi ntchito ya munthu ndithu, ndipo ndi msoko wawo uja thumba silingatuluke. Mwina lingokanirira m'katimo, mwina lifune njira ina, ndipo njira inayo ndi nthiti za amene wakhala pampando. Iwo anayang'ana tinsalu tinayi tija m'dzanja lake. Anali atationa, n'kutidula ndi sizasi mosaganiza kawiri, iwo amene chilichonse amachita kawiri. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Choopsa chinali chakuti Mzime ndi banja lake anali oti anyamuke tsiku lomwelo, thwelofu koloko, kupita kwa makolo a mkazi wake. Ulendo wa maola asanu ndi awiri, msewu wa m'mapiri, wopapatiza, wodzadza malole. Ndipo sunali ulendo wamba. Mpongozi wake wamwamuna, nthawi imene Mzime ankafunsira, anafunsa pamaso pa anthu ngati mwana wake adzakhale woyenda pansi moyo wake wonse. Mzime anameza mawu amenewo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo galimoto ija, ndi zitsulo zake zonse, inali yankho lake.

Anamuimbira foni katatu, inangoitana. Anaika foni pa makina n'kuima chilili, tsache lili m'manja. Tisabise, maganizo ena anawabwerera. Anthu angati amayenda zaka makumi osagundidwa? Akanatha kungokhala chete, Mzime akabwerako n'kumuuza kuti abweretse galimoto pali pena pofunika kukoka, n'kukonza mwakachetechete. Akanadziwa ndani? Wamawaya anaona zimene zinkayenda m'mutu mwawo, ndipo anangoti iye sauza munthu, nkhani ndi yawo. Kunena zoona amenewo anali mantha a manyazi: kukaima pamaso pa mlamu uja n'kuvomera kuti inde, galimoto ija si minibasi. Ndiye anakumbukira mmene kamwana ka Mzime kamagonera m'galimoto, kutsamira mutu cham'mbali mwa mpando, pakamwa pali yasa. Anaponya tsache, n'kutenga paketi ya malezala ndi kasizasi kosongoka, n'kuuza Wamawaya kuti awaonerere shedi.

Minibasi imene anakwera inali yopanda anthu, ndipo dalaivala anati sanyamuka isanadzaze. Anakhala pa mpando wosokedwa ndi iwo omwe zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Chala chawo chinapita chokha pa msoko, monga chimachitira nthawi zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anachichotsapo msanga. Teni koloko inakwana ali pomwepo. Anthu ankalowa mmodzimmodzi ngati akukakamizidwa. Itanyamuka inaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, kenako inakakanirira pa mzere wa magalimoto pafupi ndi mlatho. Anaimbanso foni, osayankhidwa. Hafu pasiti leveni anatsika n'kuyamba wapansi, mayi wa zaka makumi asanu, mawondo akulira, thukuta lili kamukamu, chikwama atachipanira kukhwapa. M'njiramo anakonza mawu oti akayambire, n'kuwataya, n'kukonza ena.

Anapeza geti lili lotsegula, galimoto itayang'ana kale kumsewu, zikwama zili kumbuyo. Mzime anali atavala malaya oyera, akupukuta chitsulo cha kutsogolo ndi kansalu, anansi awiri atamuzungulira. Atangowaona anasangalala, n'kutsegula chitseko kuti anansiwo aone mipando, akuwauza kuti mwini ntchito ndi ameneyu, achemwali ake, ndipo angayende dziko lonse msoko wotere sangaupeze. Mmodzi wa anansiwo anafunsa kumene kuli shedi yawo. Mayi Kawiri anamuuza Mzime kuti abwere pambali. Iye anaseka, anati nthawi yatha, anene pomwepo, awa ndi anthu ake. Mlamu uja anatulukira pakhomo atanyamula botolo la madzi, n'kuima.

Mawu onse amene anakonza m'njira anathawa.

"Ndalakwitsa ntchito, Mzime. Mipandoyi ndiyenera kuing'amba m'mbali musananyamuke."

Anafotokoza monga anawafotokozera Wamawaya, n'kutulutsa tinsalu tija kuwaonetsa. Palibe anawadula mawu. Anansi aja anayamba kuyang'ana matayala. Nkhope ya Mzime inasintha pang'onopang'ono. Anafunsa ngati chikopacho sichingavulidwe bwinobwino, iwo anati n'kumasula mipando yonse, mpaka mawa. Anafunsa ngati sangasokenso pomwepo, iwo anati makina ali ku shedi ndipo ulusi wake alibe. Ndiye Mzime anati chabwino, wamva, adzakonza akabwerako Lachitatu. Iye amayendetsa bwino, sathamanga, sakumwa, ndipo Mulungu alipo.

"Wa lole uja sakudziwa kuti iwe umayendetsa bwino," anatero iwo.

Mzime anatsitsa mawu, ndipo ndi pamene anawapweteka kwambiri, chifukwa sanakalipe. Anapempha. Anati akudziwa kumene akupita ndi amene akukamuona. Anati zaka zisanu ndi zitatu wakhala akudikira tsiku limeneli, ndipo mkulu uja adzatsegula chitseko chilichonse, adzagwira chilichonse, kufuna poseka.

"Mukufuna ndikafike pakhomo paja ndi zong'ambika? Inuyo, achemwali? Mwaiwala?"

Sanaiwale. Akanaiwala bwanji? Anamuyang'ana bambo wa mimba yake ndi wotchi yake, n'kuona kamwana kaja kali kuseri kwa chitseko, katagwira kabudula kumbuyo ndi manja onse awiri. Mtima wawo unafooka, ndipo panangotsala pang'ono kuti anene kuti chabwino, pita, koma uziyenda pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa mlamu wawo, akudikira nkhonya imene ankaidziwa kuti ikubwera.

Inabweradi. Mlamuyo anati ananena iye, ananena pakhomo pa shedi anthu akumva, koma pabanja pano mawu ake ndi mphepo. Ananena zimenezo akuyang'ana mwamuna wake, osati iwo. Kenako anaika botolo pansi, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Mwana anali atamangidwa kale lamba, akuonera kanema wake, mutu atatsamiritsa pa msoko womwewo. Mayi ake anamumasula, n'kumutsitsa, n'kumuuza kuti akasewere pakhonde.

"Yambani uwu, alamu."

Mzime anatchula dzina la mkazi wake kamodzi, iye osacheuka. Anansi aja anakumbukira kuti ali ndi zochita kwawo.

Kuphwasula msoko wa Mayi Kawiri si masewera, ndipo tsiku limenelo anazidziwira okha. Anagwada pa sitepe yonyezimira ija n'kulowetsa nsonga ya sizasi pansi pa ulusi, ulusi osamva. Anatenga lezala. Pansi pa chikopa chawo panali chikopa choyera cha ku fakitale, ndipo pansi pa icho thumba lija, moti lezala likangoterereka pang'ono ndiye kuti aononga zoposa zimene abwerera. Anadula ulusi umodziumodzi, mzere woyamba, kenako n'kubwerera kudula wachiwiri. Lezala linabuntha mpando woyamba usanathe. Thukuta linkalowa m'maso. Mlamu uja anagwada pambali pawo ndi diresi lake la paulendo, n'kugwira chikopa mbali zonse ziwiri kuchikoka kuti ulusi uonekere. Mzime ankayenda kuchoka pa geti kufika pakhonde n'kubwereranso, makiyi akulira m'manja, akuyang'ana wotchi moti aliyense aone kuti akuiyang'ana.

Ali pa mpando wachitatu, wa mlamu mwiniyo, zala zonse zitafiira, mlamuyo anapumira m'mwamba n'kunena motsitsa kuti koma kusoka amasoka. Sananene monyoza. Mayi Kawiri akanakonda akanawanyoza, chifukwa misozi inayamba kuwatsekereza maso lezala lili pa chikopa, mpaka anaima kaye kuti apukute ndi phewa.

Unatsala wa dalaivala. Nthawi inali itadutsa wani koloko. Mzime anakaima pa chitseko chake, n'kunena kuti uwu wokha ausiye, ndi wake, moyo ndi wake, ndipo ndi chitseko chimene mkulu uja adzayambe kuona. Iwo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Choka apo, Mzime."

Anali mawu amene sanamuuzepo kuyambira ali wa kabudula. Anayang'anana. Iye anachoka.

Atamaliza, mipando inayi yonse inali yasa m'mbali kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, chikopa chofiirira chikulendewera, choyera chikusuzumira m'katimo. Inali yonyansa, palibe chifukwa chonamizira. Mzime anakweza mwana, n'kukwera, n'kuliza injini, osawayang'ana. Mlamu ndiye anatsitsa galasi n'kufunsa ngati awasiye pa siteji, iwo anakana. Kamwana kanawabayibitsa. Mayi Kawiri anatsala akutola malezala obuntha pansi kuti wina angapondepo, ndipo anawerenga asanu ndi awiri.

Usiku womwewo foni inalira, anali mlamu, kungoti afika. Mzime sanaimbe Lamulungu, sanaimbe Lolemba. Mayi Kawiri anatsegula shedi monga mwa masiku onse, koma sanakalipire munthu aliyense, mpaka madalaivala a minibasi anafunsa Wamawaya ngati mayi akudwala. Wamawaya anawapezera ulusi wake ku sitolo ya zitseko zagalasi ija, wopyapyala woti munthu angadule ndi mano. Iwo anauika pa shelefu osaugwira.

Lachinayi m'mawa galimoto yakuda inaima pakhomo pa shedi, fumbi la m'mapiri likadali pa malimu. Mzime analowa, n'kupereka moni wa pakamwa pokha, n'kuika makiyi pa makina. Sanachoke. Anakhala pa mulu wa siponji uja ndi tayi yake. Patapita nthawi anati mkulu uja sanaone chitsulo, sanaone magetsi, sanaone kanema. Anangotsegula chitseko n'kulowetsa chala pong'ambikapo, n'kuitana banja lonse kuti lidzaone. Anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Kawiri sanafunse kuti iye anayankha chiyani, ndipo iye sananene.

Anatsitsa ulusi uja pa shelefu, n'kuulowetsa pa singano. Anatenga zidutswa ziwiri za chikopa chotsala, n'kuzilumikiza, n'kuponda. Makina analira mpaka kumapeto kwa msoko, ndipo manja awo anayamba okha kutembenuza chikopa kuti abwerere. Anachita kuwagwira manjawo, n'kuchotsa phazi pa chopondera. Kenako anadula ulusi n'kumupatsira Mzime chidutswacho kuti akoke.

Anagwira mbali zonse ziwiri n'kukoka. Msoko unati pwee, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzime anadzidzimuka, mapewa n'kukwera, ndipo anakhala akuyang'ana zidutswa ziwirizo m'manja mwake.

"Ndi mmene unamvekera tsiku lija pamzere," anatero.

"Ndikudziwa, mwana wa amayi anga. Koma uwu ndasokera dala."

Mzime anapinda zidutswazo n'kuziika m'thumba la jekete. Kenako anavula jeketelo, n'kufunsa kumene kuli sipanala yomasulira mipando.